Kukunkha m'munda wa eni magemu

Xbox yoyamba, ija yakuda ndi yolemela imene Microsoft inatulutsa mu 2001, ndi kompyuta cabe yovekedwa malaya a gemu. Mukaimasula mupezamo pulosesa ya Intel ya 733 MHz, memory ya 64 MB, hard drive ndi poikila DVD, zinthu zimene zinali kupezekanso m'makompyuta a m'maofesi nthawi imeneyo. Cinali kuisiyanitsa ndi loko. Mkati mwa chip imodzi munabisidwa kapulogilamu ka mabaiti 512, kamene kanali koyamba kuuka makina akayatsidwa, ndipo nchito yake inali kuonetsetsa kuti palibe cina ciyenda koma cokhaco cimene Microsoft yavomeleza. Mu 2002 Andrew Huang, amene anzake amamuchula bunnie, ali wophunzila pa MIT, anapanga kabolodi kake, nakalumikiza pa tinjila topita uthenga pakati pa machip awili, namvetsela cinsinsico cili kudutsa. Analemba buku lofotokoza zonsezi, Hacking the Xbox. Kampani imene inalonjeza kulisindikiza inacita mantha ndi lamulo la ku America la mu 1998 lochedwa DMCA, loletsa kuthyola maloko otele, ndipo mu 2003 Huang anayamba kuligulitsa yekha.

Pasanapite nthawi ena anapeza kuti ngakhale sikuludilaiva siifunika. Magemu atatu, 007: Agent Under Fire, MechAssault ndi Splinter Cell, anali ndi cilema pa kawelengedwe ka save. Mukawapatsa save yokonzedwa mwadala, gemu imapunthwa, ndipo pakupunthwapo citseko cimatseguka. Wii ya Nintendo inatsegulidwa mofananamo mu 2008, kupyolela m'dzina la hachi ya mu gemu ya Zelda, limene analitalikitsa mpaka makina anasokonezeka. PS2 imatsegulidwa ndi memory card yokhala ndi Free McBoot. Citseko cikatseguka, munthu amaikamo ma emulator, ndiye kuti mapulogilamu oyesezela makina ena, ndipo bokosi limodzi limasanduka NES, Mega Drive ndi Super Nintendo, magemu mazana-mazana ali pa hard drive kapena pa fulashi.

Kodi munthu wocita zimenezi ndi wakuba?

Kuno kwathu funsoli limamveka lacilendo, cifukwa ambili a ife tinakula osaonapo PlayStation yosachipidwa. Ndipo mawu akuti kuchipa anakumana bwino ndi mnzake: gemu yoikidwa chip ndiyo inacititsa kusewela kukhala kochipa. Tisanafike pa PlayStation tinali ndi TV game ya makatiliji acikasu olembedwa 9999 in 1, m'mene magemu eni-eni anali owelengeka, obwelezedwa-bwelezedwa ndi maina osintha. Makinawo anali oonela Famicom ya ku Japan. Mario tinali kumudziwa ngati mwana wa pa nyumba yoyandikana nayo, koma dzina la Nintendo linatipeza titakula. Pambuyo pake panabwela tuntemba twa magemu m'makomboni, TV pa shelefu, benci, mapadi awili omangidwa ndi tepu, ndi mzele wa anyamata oyembekezela kumenya Winning Eleven ndi makobili a chenji ya kwa amayi. Disiki ya PS2 ya olijino ndinaigwila koyamba ndili ndi ndevu kale, ndipo cinandidabwitsa ndi kabuku kokongola kamene kanali m'kabokosi.

Koma kuzolowela cinthu sikuciyeletsa. Ndine munthu wolemba, ndipo ndimafuna kuti wowelenga zanga alipile. Conco sindingathawile kumbuyo kwa mawu akuti tonse timacita. Ndiganiza kuti anthu amakangana pa nkhaniyi cifukwa amamanga mtolo umodzi zinthu zosiyana: kutsegula makina, kuyendetsa emulator, kutenga gemu imene sunagule, ndi kugulitsa zimene watengazo. Ciliconse cili ndi kulemela kwake.

Pa kutsegula makina ndilibe cikaiko. Ku Chipata kunali fakitale ya Luangwa Industries imene inali kupanga njinga za Eagle. Palibe munthu anakwelapo basi kukapempha cilolezo ku fakitaleyo kuti awochelele kaliya wamkulu wonyamulila makala, kapena kuika khushoni kumbuyo kuti azinyamula anthu. Wagula, ndi yako. Ukaithyola, cisoni n'cako. Makampani a magemu amayankha kuti njinga ndi gemu n'zosiyana, pakuti iwo nthawi zambili amagulitsa makina pa mtengo wocepela ndalama zimene anawapangila, poyembekezela kubweza pa magemu. Zimenezo n'zoona, Xbox ndi PS3 zinagulitsidwa motelo. Koma kumeneko ndi kubecha kwa kampani, si lonjezo la wogula. Wogulitsa tiyi akakuchipitsila kapu poganiza kuti udzagulanso vitumbuwa, sangakumange cifukwa wabwela ndi mbatata yako. Ndiponso makina amene tikukambawa anasiya kupangidwa kale-kale. Seva ya Xbox Live ya Xbox yoyamba inatsekedwa mu April 2010, kotelo kuti ngakhale dandaulo lomveka lakuti makina otsegulidwa amabela anzawo pa masewela a pa intaneti linapita nayo pamodzi.

Mwezi womwewo Sony inacita cinthu cimene cimandithandiza kuona kumene kwalowela umwini. PS3 zoyamba zinagulitsidwa ndi mbali yochedwa OtherOS, yolola munthu kuikamo Linux. Anthu anazigula podziwa zimenezo, ndipo asilikali a m'mlengalenga a ku America analumikiza PS3 zokwana 1,760 kupanga kompyuta yamphamvu. Koma Sony inatumiza update 3.21 imene inacotsa mbaliyo m'makina amene anali kale m'nyumba za anthu. Wokana update anatsekeledwa kunja kwa PlayStation Network. Pamene George Hotz anafalitsa makiyi otsegulila PS3, Sony inam'tengela ku khoti mu January 2011, ndipo mlandu unathela pa kumvana kwa kunja. Apa ndani analowa m'nyumba ya mnzake? Ine ndiona kampani imene inagulitsa nyumba ya zipinda zinayi, inabwela usiku kudzakhoma cipinda cimodzi, kenaka inakaitana mlonda cifukwa mwini nyumba wasula kiyi.

Za emulator sizifuna mawu ambili. Ndi pulogilamu yolembedwa ndi anthu ena, yophunzila mmene makina amacitila zinthu ndi kuzicitanso. Mu 2000 khoti la apilo ku America linagamula mlandu wa Sony ndi Connectix mokomela Connectix, imene inapanga emulator ya PlayStation. Kampani ina, Bleem, inapambananso ku khoti koma ndalama za maloya zinaigwetsa mu 2001. Patapita zaka, mu 2018, Sony inatulutsa PlayStation Classic, kabokosi kokumbutsa zakale, ndipo mkati mwake anthu anapezamo PCSX ReARMed, emulator yaulele yolembedwa ndi anthu a mtundu womwe uja wotengeledwa ku khoti.

Povuta ndi pa gemu yeni-yeniyo. Makina otsegulidwa opanda magemu ali ngati nkhokwe yopanda cimanga, ndipo tisanamizane: ocepa kwambili ndi amene amatsegula Wii kuti aziyendetsa tumapulogilamu tolemba okha. Ambili amapita pa intaneti kukatenga ma ROM, makope a magemu amene eni ake alipo.

Kumudzi tili ndi mawu amene amandithandiza pano: kukunkha. Mwini munda akakumba nshawa zake natuta, ana ndi amayi ena amalowa kukatola zotsalila m'nthaka. Palibe amawachula akuba. Munthu yemweyo akalowa sabata imodzi kukolola kusanacitike, ndi mlandu wa kwa anyakwawa. Nshawa ndi zomwezo, munda ndi womwewo, dzanja ndi lomwelo. Casintha ndi nthawi, ndiponso kuti mwini watenga kale zimene anali kufuna. Cimodzi-modzi mango a pabwinja. Anthu anasamuka, nyumba zinagwa, mitengo ikali kubeleka. Wodutsa amathyola nadya, ndipo aliyense adziwa kuti mtengowo unabzalidwa ndi agogo a uje. Dzina la mwini silinafafanizike, koma silikuletsa kudya. Ndipo munda ukagona tsala zaka zambili, mfumu ikhoza kuupatsa wina woti alime. M'maganizo a makolo athu, kukhala mwini kumayendela limodzi ndi kusamala cinthuco.

Tsono taonani kukula kwa bwinja la magemu. Mu July 2023 bungwe la Video Game History Foundation linatulutsa kafukufuku woonetsa kuti pa magemu amene anatulutsidwa ku America caka ca 2010 cisanafike, 87 pelesenti sagulitsidwanso. Amene mungagule atsopano kwa eni ake ndi 13 pa 100 alionse. Wii Shop Channel inatsekedwa mu January 2019, ndipo masitolo a pa intaneti a 3DS ndi Wii U analeka kugulitsa mu March 2023, pamodzi ndi magemu amene sanaikidwepo pa disiki kapena katiliji. Komabe lamulo la ku America limateteza cinthu copangidwa ndi kampani kwa zaka 95. Super Mario Bros. ya mu 1985 idzamasuka kumapeto kwa 2080. Disiki siidzafika kumeneko, lenzi ya PS2 siidzafika, ine ndi inu sitidzafika. Munthu amene atenga gemu ya situdiyo imene inatsekedwa kale, gemu imene palibe sitolo pa dziko lonse ingam'gulitse, sanacotse ngwee m'thumba la aliyense. Akagula katiliji yakale kwa wosonkhanitsa zakale pa mtengo wa mbuzi zitatu, opanga gemuyo salandilanso kanthu. Ameneyo kwa ine ndi wokunkha.

Koma fanizo labwino ndi loopsa, cifukwa limagoneka cikumbumtima msanga. Mukayang'ana pa hard drive ya munthu amene akamba zoteteza mbili ya magemu, simupeza kweni-kweni magemu oiwalika aja. Mupeza Mario, Zelda, Sonic, Pokémon. Amenewo si a pabwinja. Nintendo ikali kuwalima, imawabweleketsa mwezi ndi mwezi pa Nintendo Switch Online, ndipo Sega yagulitsa Sonic wakale kambili-mbili. Mwini ali m'munda, khasu lili m'manja. Mungadane ndi mtengo wake, mungadane ndi kuti amakubweleketsani m'malo mokugulitsani, koma simunganene kuti anasamuka.

Apa Mzambia ali ndi yankho lina limene Mwamelika alibe: ife sanatigulitsepo. Pa mndandanda wa maiko a PlayStation Network, Zambia palibe, ndipo amene amagulako amayamba ndi kunama kuti akhala ku South Africa kapena ku UK. Makina anatifika ngati salaula, ena a PAL ocokela ku Britain, ena a NTSC ocokela ku Japan ndi ku America, ndipo loko wa zigawo anali kukana disiki yogulidwa bwino-bwino cifukwa cabe inacokela ku cigawo cina. Khoti lalikulu la ku Australia, pa mlandu wa Stevens ndi Sony mu 2005, linaona vuto lofananalo pamene linakana kuweluza kuti munthu woika machip wathyola lamulo la maloko. Wamalonda amene sanayalepo katundu pa msika wanu angadandaule bwanji kuti mwam'thawitsila makasitomala? Yankho limeneli ndimalimva, ndipo lili ndi mphamvu. Koma silifika pamene ena amafuna kulifikitsa. Kumudzi wapaulendo wanjala akazula cinangwa cimodzi m'munda wa eni nadyela pomwepo, akulu amayang'ana kumbali. Njala ndiyo imam'khululukila. Gemu si njala. Kusagulitsidwa cinthu kumacepetsa mlandu, koma sikukupatsa cinthuco.

Ndipo ife a m'dziko lino tiyenela kucita manyazi pang'ono tisanakambe kuti kukopa sikupweteka munthu. Tinaona zimene makaseti okopa anacita ku nyimbo zathu. M'ma 1970 tinali ndi WITCH, Amanaz, Paul Ngozi, Rikki Ililonga ndi ena, malekodi akudindidwa ku Ndola. Cuma citagwa ndipo makaseti ojambulila atadzaza misika, woimba anali kumva nyimbo yake m'basi iliyonse koma m'thumba muli mbee. Aliyense wogula kaseti yotelo anali kunena zimene wotenga ROM amanena lelo: sindinam'lande kanthu, yake akali nayo. Mu 2013 boma linafika poika hologram pa ma CD ndi ma DVD, nthawi imene nyimbo zinali zitasamukila kale pa mafulashi.

Nkhani ya Zamrock yomweyo ili ndi mbali yaciwili. Pamene kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kutulutsanso nyimbozo ca m'ma 2010, zina zinacokela pa matepi amene oimba anasunga, koma zina zinapulumuka cifukwa anthu wamba anasunga malekodi akale. Ndipo zinatulutsidwa mogwilizana ndi oimba amene anali moyo ndi mabanja a omwalila. Jagari Chanda anabwelela pa siteji, nayenda maiko. Kopi imene inapha msika ndi kopi imene inaukitsa nyimbo zimaoneka zofanana m'manja. Kusiyana kuli pa funso lakuti: mwini atapezeka, ndalama zinam'fika?

Ndiye muyeso umene ndimasewenzetsa. Makina anga ndimatsegula popanda kupepesa kwa aliyense. Gemu imene ndili nayo pa disiki ndimaikopela pa hard drive, kaili lenzi yatopa ndipo disiki imakalika. Gemu imene palibe akuigulitsa ndimaitenga ngati mango a pabwinja. Imene mwini wake akali kugulitsa m'njila imene ndingafikile, maka-maka ya anthu ocepa opanga okha, ndimagula kapena ndimaisiya. Ndidziwa kuti lamulo silizindikila malile amenewa. Lamulo lathu la Copyright and Performance Rights Act la mu 1994 lilibe ndime ya kukunkha. Ndidziwanso kuti m'munda mwini ndiye amanena kuti watha kukolola, pamene pano wokunkha ndiye akudziuza yekha kuti nthawi yakwana, ndipo munthu wodziweluza yekha sacedwa kudzipeza wosalakwa. Cofooka cimeneci ndilibe mankhwala ake. Cimene ndingacite ndi kufunsa funsolo pa gemu iliyonse, osati kamodzi pa hard drive yonse.

Pa kugulitsa, mtima wanga umagawika. Mmisili wa ku Town Centre amene amalipilitsa nchito ya manja ake, kusintha lenzi, kuwochelela, kuika Free McBoot pa memory card, akudya thukuta lake. Amene amagulitsa hard drive yodzaza magemu a eni akugulitsa mango a pabwinja pa ngolo, ndipo ena mwa mangowo wathyola pa nyumba yokhalamo anthu. Nintendo siiseka pa zimenezi. Mu 2018 eni mawebusaiti a LoveROMs ndi LoveRETRO anavomela kulipila madola opitilila 12 miliyoni. Mu 2024 opanga emulator ya Yuzu analipila madola 2.4 miliyoni natseka. Gary Bowser wa gulu la Team Xecuter, limene linali kugulitsa zipangizo zotsegulila Switch, anagamulidwa miyezi 40 m'ndende mu 2022, ndi nkhongole ya madola 14.5 miliyoni imene sadzaitsiliza ali moyo. Sindimuikila kumbuyo, pakuti Switch inali munda wosakolola, ndipo gululo linali kucita malonda. Koma cilango cotele cimapangidwa kuti ena aone, osati kuti cilingane ndi colakwa, ndipo mantha ake amagwela onse, wokunkha ndi wakuba yemwe.

Nanga mwini kantemba ka magemu m'komboni, amene amalipilila ana sukulu ndi PS2 ziwili zochipidwa? Mwa muyeso wanga womwe, ali ku mbali yolakwika, cifukwa amapeza ndalama ndi nchito ya eni. Koma ndikayesa kuchula munthu amene iye wam'sauzitsa, sindim'peza. Ana amene ali pa benci lake sakanagula disiki ku London. Sindingamuchule wosunga mbili, ndipo iye mwini angaseke nditamuchula conco. Sindingamuchulenso wakuba ndi mawu omwe ndingachulile munthu wondibela foni m'minibasi. Cinyanja cili ndi mawu ambili a kutenga, kutola, kutapa, kubwelekela osabweza, ndipo iye ali penapake pakati pa amenewo.

Cimene cimandikwiyitsa n'cakuti njila yoongoka inapemphedwa ndipo inakanidwa. Malaibulale ndi nyumba zosungila zakale ku America anapempha kuti aziloledwa kuonetsa magemu osagulitsidwanso kwa ofufuza ali kutali, monga amacitila ndi mabuku ndi mafilimu. Bungwe la makampani a magemu, ESA, linatsutsa, ndipo mu October 2024 ofesi ya copyright inakana pempholo. Conco nchito yosunga yatsalila anthu amene lamulo limawayang'ana ndi diso lofiila. Zinacitikapo kale. BBC inafafaniza matepi ambili a Doctor Who a m'ma 1960, ndipo mu 2013 zigawo zisanu ndi zinayi zotayika zinapezeka ku Jos, ku Nigeria, m'cipinda ca siteshoni ya TV kumene makope anaiwalika m'malo mobwezedwa kapena kuonongedwa monga mwa pangano. BBC inazilandila ndi manja awili, nizigulitsa.

Xbox ija ili ndi vuto lina laling'ono. M'mitundu yake yambili yoyambilila muli capacitor yosunga nthawi makina akazimitsidwa. Ikakalamba imatuluka madzi amene amadya tinjila ta pa bolodi pang'ono-pang'ono, mpaka makina amayamba kudziyatsa okha kapena kukana kuzima, kenaka amafa. Zimacitika ngakhale ku Xbox imene yakhala m'kabati osakhudzidwa. Mankhwala ake ndi kuicotsa ndi kupukuta malowo ndi spiliti. Kuti muifikile muyenela kumasula masikuluu asanu ndi imodzi a pansi, ndipo awili mwa amenewo ali kunsi kwa zomata, cimodzi ca izo cocenjeza kuti musatsegule.